Muyeso wa Mpata

Ndimawotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga,
zaka makumi awiri tsopano,
maso anafiira ngati a chidakwa chonsecho mowa sindilawa.
Chimene ndimadya ine ndi mantha a anthu ena.
Amabwera nawo pagalimoto atawapinda m'kapepala:
mazenera khumi ndi anayi, zitseko zitatu,
geti lalitali loti ngakhale mphaka ayambe waganiza.

A Zyambo a ku Ibex Hill anati,
"Amisiri, mpata uchepe, dzanja la mwana lisalowe."
Ndinayezera dzanja la Yotamu, mwana wa mlongo wanga,
amene ankandigwirira chitsulo ndikamawotcha.
Linakana kulowa. Tinaseka tonse atatu.
Ndalama yotsala anati adzaponya pafoni Lachisanu.
Lachisanu lake liti, ndinasiya kufunsa.

Yotamu sukulu anaisiyira giredi naini.
Mutu unalipo, koma mimba simva masamu.
Kwawo ku Misisi madzi amvula amalowa osagogoda,
amanyamula mphasa, mapoto n'kumayandama.
Kumeneko palibe anandiitanapo kuti ndikayeze zenera.
Amatseka ndi katoni ndi msomali wopinda,
ndipo nawonso amaberedwa:
mbaula, bulangeti, nkhuku ili pamazira.
Zotere sizifika m'buku la apolisi.

Magetsi atayamba kumazima kuyambira m'mawa mpaka usiku
makina anga anangoti zii,
mwezi wathunthu mwanayo osamupatsa kanthu.
Sindikumuikira kumbuyo ayi.
Foni ija anaitsomphola ndithu, pamsika wa Soweto,
m'manja mwa mayi wogulitsa tomato
amene nayenso anali asanamalize kuilipira.
Wanjala amaluma amene wamuyandikira,
ku Ibex Hill n'kutali, ndipo kuli zitsulo zanga.
Khamu linamugwira pafupi ndi njanji,
ena akuitanitsa kale tayala ndi machesi.
Wapolisi anamulanditsa mano awiri atatsala m'fumbi.

Ndinapita kukamuona nditanyamula buledi.
Pachitseko cha selo ndinazindikira ntchito ya manja anga,
msoko uja wopendekera kumanzere,
tenda ya kalekale imene ndinaisangalalira
mpaka kugulira ana nyama pakati pa mwezi.
Anayesa kutulutsa dzanja kuti alandire.
Linakana.
Ndinachita kumunyemera zidutswa ngati nkhunda.

Mlandu wake unatha tiyi wa woweruza asanazizire.
Zaka zitatu. Anayambira ku Chimbokaila,
kumene amagona chammbali ngati kapenta m'thumba,
kutembenuka mpaka onse agwirizane.

Sabata yomweyo a Zyambo anatuluka m'nyuzipepala,
nkhani ya mankhwala a chipatala
amene anafika papepala pokha.
Mlongo wanga amawadziwa mankhwala amenewo,
anawafola pamzere katatu, n'kubwerako ndi kachikalata
koti akagule yekha.
Iwo analowa m'khoti atavala suti,
maloya atatu pambuyo ngati anapiye,
masana n'kukadyera kunyumba.
Mlandu wawo ndi wodwaladwala, umangogonekedwa.
Fayilo akuti inasochera pakati pa maofesi awiri.
Palibe wawatchula kuti mbava.
Akuti mabuku sanayende bwino.

Dzulo anandiimbira.
Akufuna minga pamwamba pa mpanda wonse,
akuti umbava wanyanya mu Lusaka muno,
ana a m'makomboni alibe mwambo.
Mawu anafika pakhosi, ndinawameza ndi malovu.
Ndinati, "Chabwino bwana, ndibwera ndi tepi."
Eni nyumba yanga samva nkhani, amamva lendi.

Ndili ndi kamnyamata kena tsopano, Tiyese wa ku Mtendere,
kochenjera, kosachedwa kugwira ntchito.
Lero m'mawa tikulumikiza zenera la munthu wina
kanatambasula dzanja pakati pa zitsulo
kuti ndione ngati mpata wakwana.
Ndinakakalipira mpaka oyandikana nawo anacheuka.
"Bweza m'thumba dzanja limenelo."
Sikanamvetse chimene kalakwa.
Ndinatsitsa galasi lakuda kumaso,
moto n'kuyamba kuthetheka.